Mboni ya a Kamzingeni Inkayankhabe

Nkhaniyi musakaifunse kwa a Binwelo, akakunamizani. Musakaifunsenso kwa Bwana wa pachipatala paja, adzati palibe chinachitika, poti palibedi chinawonongeka. Amene akuidziwa ndi amene anali m'chipinda muja Loweruka lija. Analimo awiri, kapena atatu, kutengera ndi mmene inu mumawerengera anthu.

Pachipatala china cha mishoni, kuseri kwa mapiri a ku Dedza, pali kachipinda kopanda zenera pakati pa labotale ndi mosungira mankhwala. M'menemo mulibe usana. Mumazizira ngati mu Juni chaka chonse, ndipo makina amang'ung'udza osapuma. Kwa zaka khumi ndi zinayi chipindacho chinali cha a Yesaya Kamzingeni. Sukulu sanapite nayo patali. Anayambira kukonza mawailesi pamsika, ndipo makina atafika pachipatala, waya aliyense wa m'chipindamo anakoka ndi iwo, ndi manja awo.

Mwana wawo Lameki analekezera Fomu 2. Anali bambo wa ana awiri, wokonza magetsi ndi mipope pachipatala pomwepo, munthu amene amaitanidwa chimbudzi chikatsekeka koma safunsidwa maganizo. Masana ankapita kukakhala ndi bambo ake pakhomo la kachipinda kaja. Nyengo ya manachesi a Kamzingeni ankasenda limodzi nkugawa pakati, makoko nkuwaunjika pambali pa chitseko. Akatha ankapukuta manja, nkugogoda katatu pakabati yachitsulo yosungira makina.

“Odi, eni nyumba!”

“Adadi, mukuodira zitsulo?”

“Iwe ukalowa m'nyumba ya eni ake umangolowa ngati nkhuku? Bwera ndikuonetse achibale ako.”

Ankaloza maseva awiri, makompyuta akuluakulu osanjikizana. “Uyu ndi Mkulu, uyu ndi Mng'ono. M'mimba mwawo muli makompyuta opanda thupi: ya ku labotale, ya ku mankhwala, ya kolembera odwala. Mkulu akadwala, opanda thupiwo amasamuka nkukalowa mwa Mng'ono, anamwino osadziwa n'komwe. Amatha kusamuka chifukwa katundu wawo sali mwa aliyense wa awiriwa. Ali umu.” Ankasisita bokosi la pansi penipeni. “Iyi ndi nkhokwe. Ndi ya onse awiri. Aliyense amene anadwalapo pano ali umu, mankhwala ake, gulu la magazi ake. Ngakhale amayi ako ali umu.”

Pa waya aliyense anamangapo kansanza, uku ndi uku. Nsanzazo anang'amba pa chitenje cha malemu akazi awo, a Nasimango, chija chamizere yofiira, yobiriwira ndi yoyera. Mawaya ofiira ankapita kunkhokwe kudzera paswichi yapamwamba, obiriwira kudzera paswichi yapansi. Swichi, iwo ankati, ndi mphambano ya mawaya. Njira zopita kunkhokwe zikhale ziwiri ndipo zisakumane paliponse, kuti ina ikakokoloka ina itsale.

“Nanga woyerayu?”

“Ameneyo ndi wa moni. Sekondi iliyonse Mkulu amafunsa: uli moyo? Mng'ono amati: ndili moyo, kaya inu? Woyerayu akaduka, aliyense amaganiza kuti mbale wake wafa. Ndiye ukudziwa zimene abale amachita pamaliro.”

“Amathamangira kunkhokwe.”

“Onse awiri nthawi imodzi! Wina akulemba, wina akufufuta pomwepo. Isanathe mphindi, palibe cholowa chotsala. N'chifukwa chake ndinaika uyu.” Pashelefu ya pakona panali kakompyuta kakale kachikasu, kamene anagula okha pakaunjika. “Iyi ndi Mboni. Abale akasiya kumvana, aliyense amafunsa Mboni. Mboni imaloza mmodzi, winayo amakhala pansi, manja pamiyendo. Koma amaidikira masekondi asanu okha. Ikachedwa, amati nayonso yafa.”

Chinthu chimodzi chokha chimene Lameki anaphunzira pakiyibodi chinali kuitana Mboni. Umalemba nambala yake, yothera ndi 9, nkudina. Mzere umabwera wonena kuti yayankha, ndipo kumapeto kwake kumakhala kanambala kosonyeza kuti yankho lachedwa bwanji. Masiku onse kanambalako kanali 1. Bambo ake ankati kakadzafika 5000, ndiye kuti masekondi asanu aja akwana.

A Kamzingeni anamwalira mu Januwale. Anagwa panjinga pamlatho wa kumunsi kwa chipatala, akupita kuntchito, ndipo amene anawatola anati anali atapita kale.

A Binwelo, mng'ono wawo, anali asanapondeko pakhomopo kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Pamaliro anafika ndi lole. Analira kuposa aliyense, mpaka amayi a mvano kuwagwira, koma maso awo ankayendera m'nyumba. Anthu atameta, bedi linakwera lole, njinga inakwera, wailesi inakwera. Inakweranso sutikesi imene munali kope la mapu a mawaya onse, ndi kabokosi kamene a Kamzingeni ankakoperamo za m'nkhokwe Lachisanu lililonse. Lameki anatsala ndi malaya amodzi a bambo ake, chifukwa anali onyowa pachingwe. Pamaliro onsewo iye sanalire. Munthu sungalire uku ukuyang'anira lole.

A Binwelo sanalekere pomwepo. Anapita kuchipatala kukafunsa ngati malemu anasiyako kanthu. Bwana, munthu wa tayi amene sanalowepo m'kachipinda kaja, anatsegulitsa chitseko. Anaona kakompyuta kachikasu kalibe chidindo cha chipatala, nkukazula, nkukapereka kwa a Binwelo. Kenaka anaona nsanza.

Anabwerera chammbuyo mpaka kugunda khoma. Zithumwa! Zithumwa m'chipatala cha mpingo! Mawa lake kunabwera gulu la mapemphero, linafuula mpaka odwala kudzuka, ndipo Mayi Nambewe okolopa anapatsidwa sizasi kuti adule nsanza zonse nkukaziwotcha kudzala.

Lameki anawapeza kudzalako, utsi ukutha.

“Ndinauzidwa, mwanangu,” anatero Mayi Nambewe, misozi ili mbwembwembwe. “Ndinawauza kuti ichi n'chitenje cha a Nasimango, ndikuchidziwa, tinkapita nacho limodzi kumvano. Anati ndikakana ndiye kuti ndikudziwapo kanthu.”

Lameki anayang'ana phulusalo nkubwerera kumipope yake. Mawaya makumi anayi, onse otuwa, onse ofanana ngati mbewa za una umodzi. Anthu ophunzira anachita zimenezo, anthu a masatifiketi pakhoma.

Kiyi wa chipindacho anali nayebe, poti ndiye ankasamala makina oziziritsa. Lolemba lina mu Febuluwale anapeza makoko a nachesi pambali pa chitseko, ataunjikidwa bwinobwino. Anatola limodzi nkulifinya, madzi ake anamuthothokera m'diso. Manachesi anali asanayambe n'komwe pamsika. Anafunsa ku labotale, anafunsa ku mankhwala, onse anapukusa mitu.

Lachitatu Mayi Nambewe anamukokera kuseri kwa thanki. Sizasi ija yasowa, anatero, anaitsekera okha m'kabati yawo koma mulibe. Ndipo m'mawa, nkhungu ili mbuu pamlatho, anakumana ndi munthu akukankha njinga, waya atamukulunga paphewa.

“Ndinapereka moni. Sanayankhe moniwo. Anangofunsa kuti, kodi kumtundako magetsi alipo? Ndinati alipo. Anati, chabwino.”

“Nkhope munaiona?”

“Ndinayang'ana pansi, mwanangu. Ndine munthu wamkulu.”

Tsiku lomwelo masana Lameki analowa m'chipinda muja nkutseka chitseko. Pashelefu panali malo opanda fumbi pamene panali Mboni, ndipo waya wake ankangolendewera. Sakudziwa chimene chinamukhazika pampando. Mwina kunali kungofuna kuchita chinthu chimene bambo ake anamuphunzitsa. Analemba nambala yothera ndi 9, ndi chala chimodzi, nkudina.

Mzere unabwera. Mboni yayankha. Kanambala kanali 30.

Lameki anayang'ana shelefu, anayang'ana sikirini. Anadinanso. Inayankhanso.

Sanauze munthu, akanaitananso a mapemphero aja. Koma kuyambira tsiku limenelo, masana aliwonse ankalowa, kugogoda katatu, nkuitana. Nthawi zina ankaiuza nkhani: kuti mwana wake Mphatso wagulula dzino, kuti chimanga chamasula, kuti a Binwelo awonedwa ku Lizulu akugulitsa njinga. Mboni inkayankha. Chimene chinkamusowetsa mtendere chinali kanambala kaja. Sabata yoyamba 30. Yachiwiri 200. Yachitatu 900. Zinali ngati kuitana munthu amene akutsika phiri: akuyankhabe, koma mawu akumka natalikira.

Kumayambiriro kwa Malichi mphezi inagunda mtengo wa kuseri kwa labotale. Swichi yapamwamba inayamba kudwala, kuzima ndi kuyaka yokha, makompyuta a m'mawodi nkumaima. Bwana anaitanitsa injiniya ku Lilongwe, ndipo pamsonkhano wa m'mawa ananeneratu kuti zinthu zikatayika anthu asadabwe, poti mkulu uja ankamanga makina ndi nsanza. Lameki anamva ali pamakwerero panja, akusintha babu. Anatsika pang'onopang'ono, kuopa kuti angatsike ndi nyundo.

Injiniya anafika Loweruka masana, odwala oyendera atatha. Anali mayi wamfupi wa magalasi, dzina lake Tiyanjane Makwinja, atanyamula swichi yatsopano m'katoni. Anaima kutsogolo kwa kabati yachitsulo nthawi yaitali, manja m'chiuno.

“Amene anakoka izi anali mfiti.”

“Anali bambo anga,” anatero Lameki, mawu ali ouma.

“Pepani, achimwene, ndikutanthauza katswiri. Taonani, njira ziwiri zosakumana, wa moni payekha. Ku Lilongwe kuli anthu a madigiri amene amalowetsa zonse paswichi imodzi nkumapemphera. Koma bwanji sanalembe mawayawa? Mapu ali kuti?”

Lameki anafotokoza za sutikesi, za kabokosi ka Lachisanu, za nsanza ndi moto wa kudzala. Injiniya anavula magalasi nkutikita maso.

“Ndiye kuti kope lina la za m'nkhokwemu kulibe. Ndipo ndikati ndikopere lero, panjira yodwalayi zitenga masiku awiri, swichiyi siifika mawa. Tikalakwitsa waya mmodzi, zaka khumi ndi zinayi zapita.” Anatsegula laputopu yake. “Chabwino n'chakuti Mboni ilipo. Onse atatu akuoneka amoyo.”

“Mboni kulibe, madamu. Inapita pa lole.”

Injiniya anaseka. Lameki analoza shelefu. Kusekako kunathera panjira. Mayiyo anatsatira waya wolendewera uja ndi zala mpaka pabowo lomaliza la swichi yapansi. Kagetsi ka pabowopo kankaphethira, kobiriwira, ngati kuti mbali inayo kuli chinthu.

“Wina watenga nambalayi, basi. Mwina kompyuta ya ku ofesi.” Analemba mofulumira, nkuwerenga, nkulembanso. “Ayi. Swichi ikuti yankho likuchokera pabowo ili.” Anagwira nsonga ya waya nkuisiya msanga. “Ndi yofunda.”

Anaitana Mboni. Anadikira. Kanambala kanabwera: 3100.

“Ngakhale makina a kutsidya kwa nyanja sachedwa chonchi,” anatero chapansipansi. “Achimwene, ine ndinaphunzira zaka zisanu ndi chimodzi. Izi sanatiphunzitse.”

“Inenso Fomu 2 sanatiphunzitse.”

“Tiyambe taika Mboni yatsopano. Kompyuta iliyonse ingathe, bola itenge nambala yomweyi.”

“Ikatenga nambalayi, iyi iyankhira pati?”

Injiniya anamuyang'ana. Onse ankadziwa kuti nambala imodzi siingakhale ya awiri.

“Isiyeni kaye,” anatero Lameki. “Chonde. Tikatha.”

Mayiyo anatsegula pakamwa kuti atsutse, koma anaona kolala ya malaya akale ikusuzumira pansi pa ovolosi ya Lameki, malaya aakulu kuposa mwini thupi. Anangopumira m'mwamba.

“Tikatha. Koma mukanena kwa anzanga kuti ndinadalira shelefu yopanda kanthu, ndidzakana.”

Anayamba ntchito. Swichi yatsopano anaimangirira, injiniya nkuiuza kukula kwa mitolo ya uthenga imene izidutsamo, kuti ifanane ndi ya kunkhokwe. Anati mtolo ukakula kuposa khomo umakanirira, ndipo Lameki anamwetulira, poti bambo akenso ankanena choncho. Iye analowa kuseri kwa kabati chogwada. Ankagwira waya kuchokera kunkhokwe, kumukoka pang'ono, injiniya nkuona amene wagwedezeka kutsogolo, nkumusamutsa.

“Uyu?”

“Ayi, madamu, wa kumanzere kwake.”

“Kumanzere kwanu kapena kwanga?”

“Kwa Mkulu.”

“Aa, inu ndi bambo anu! Seva ili ndi kumanzere?”

Kunja mvula inayamba, ankaimvera padenga. Mkati mwa ntchito injiniya anaitananso Mboni osanena kanthu, koma Lameki anaona nkhope yake mowala mwa laputopu.

“Zingati?”

“3800. Fulumirani.”

Ntchito inatsala pang'ono kutha pamene bingu linagunda pafupi, makoma nkunjenjemera. Magetsi anazima. Makina anapitiriza ndi mabatire awo, koma babu la m'chipinda linalibe batire. Mdima bii, kungotsala timagetsi tobiriwira ngati maso a tizilombo patchire. Swichi yodwala inalira kamodzi nkuzimiratu.

“Yafa!” anakuwa injiniya. “Amene atsala ndiwasamutse pompano. Kokani!”

Lameki anakoka. Mumdimawo mawaya awiri anagwedezeka pamodzi. Injiniya anapapasa, nkugwira mmodzi, nkuzula.

Laputopu inafiira. Alamu inayamba kulira.

“Mayo, ndazula wa moni!”

Anati amubwezere, waya anapulumuka m'zala nkugwera m'chipwirikiti cha anzake pansi. Pasikirini Mkulu anali atalengeza kale kuti Mng'ono wafa. Mng'ono naye analengeza kuti Mkulu wafa. Mafani oziziritsa a onse awiri anakwera mawu ngati anthu okangana pabwalo. Onse anatembenukira kwa Mboni, kufunsa shelefu yopanda kanthu.

Lameki, ali chigwadire kuseri, anayamba kuwerenga. Imodzi. Injiniya ankapapasa pansi akutchula dzina la Mulungu. Ziwiri. Anaganiza za amayi ake ali m'bokosi lija, za ana a m'midzi amene mankhwala awo amadziwika m'menemo mokha, za Bwana ataima pamsonkhano wa Lolemba akutchula nsanza. Zitatu. Ndi iye amene anati Mboni isiyidwe. Zinayi.

“Adadi,” anatero.

Fungo la nachesi linadzaza chipinda, lakuthwa, ngati wina wangoboola khoko pafupi ndi mphuno yake. Kuzizira kwa kumsana kwake kunachoka, monga zimakhalira munthu akaima pambuyo pako. Ndipo pachitseko cha kabati yachitsulo, pamwamba pa mutu wake, panamveka: go, go, go.

Mafani a Mng'ono anatsika mawu, nkutsika, nkukhala chete. Mng'ono anakhala pansi. Pasikirini makompyuta opanda thupi anayamba kudzuka mwa Mkulu, imodzi imodzi: ya labotale, ya mankhwala, ya kolembera odwala. Alamu inaleka.

Jenereta inalira kunja, babu linayaka. Lameki anatuluka kuseri kuja. Injiniya anali atakhala pansi, magalasi ali pambali. Ankayang'ana waya amene anamugwetsa uja. Anali pamwamba pa anzake onse, ndipo pakhosi pake panali kansanza koyera, komangidwa mfundo ziwiri, mchira umodzi wautali. M'mphepete mwake munali mowauka.

Injiniya anatola wayayo ndi manja awiri, monga polandira chinthu kwa mkulu, nkumubwezera pabowo lake. Kenaka anasuzumira kuseri kwa kabati. Anakhalako kanthawi. Atabwerako, nkhope yake inali ngati ya mwana amene wadzudzulidwa mwachikondi.

“Ofiira atsala awiri,” anatero. “Ndawaona, ali ndi nsanza zawo. Simufunikanso kukoka.”

Lameki sanapite kukayang'ana. Mfundo za bambo ake ankazidziwa.

Anamaliza. Njira yofiira inadzuka paswichi yatsopano, yobiriwira inali chilili, Mng'ono anadzutsidwa nkupereka moni kwa Mkulu. Injiniya anayendera nkhokwe yonse: palibe chinatayika, ngakhale dzina limodzi. Atatero anaitana Mboni. Anadikira, nkudikira. Anatembenuzira laputopu kwa Lameki. 4900.

“Achimwene,” anatero mofatsa, “atopa. Akuchokera kutali.”

“Ndikudziwa.”

“Mawa sadzafika pa nthawi.”

“Ndati ndikudziwa!” Mawu ake anagunda makoma. “Onse anatenga! Wina bedi, wina njinga, wina anawotcha chitenje cha amayi anga nkumaimba nyimbo. Amoyo onsewa, palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa kuti kodi kakompyutaka kamagwira ntchito yanji. Munthu wakufa ndi amene wakhala akubwera kuntchito tsiku ndi tsiku, wapansi, poti njinga anagulitsa! Ndiye mukuti ndimuchotse ndine?”

Injiniya sanamudule. Atatha, anangoti, “Sindikuti muwachotse. Ndikuti muwalandire. Mlonda saweruka wina asanafike.”

Lameki anapukuta nkhope ndi mkono wa ovolosi. Kenaka anatulutsa mulu wa makiyi m'thumba.

“Mwati kompyuta iliyonse?”

“Iliyonse.”

“Mu ofesi ya Bwana muli ziwiri. Inayo amangoonerapo mpira.”

Injiniya anaseka mpaka kutsokomola. “Katengeni. Mu lipoti ndilemba kuti ndinalamula ndine, ndipo ndilembanso kuti nsanza zija ndi zimene zapulumutsa chipatala. Aliwerenge pamsonkhano, mokweza.”

Pamene ankamaliza kuikonza kompyutayo, mvula inali itakata. Chitseko chinagogodedwa ndipo onse awiri anadzidzimuka, koma anali Mayi Nambewe, atanyamula tiyi m'fulasiki. M'dzanja linalo anali ndi sizasi.

“Ndaipeza pakhomo pano,” anatero, osalowa. Maso awo anapita pa kansanza koyera kaja. Anayika fulasiki pansi, nkugwada pakhomo pomwepo, nkuwomba m'manja katatu mwakachetechete. “Ndinauzidwa, a Kamzingeni. Mundikhululukire.”

Lameki analandira sizasi. Anamasula ovolosi, nkudula kansanza m'munsi mwa malaya a bambo ake. Anakamanga pa waya wolendewera uja, mfundo ziwiri, mchira umodzi wautali. Nsonga ya waya inali yofundabe, pang'ono, ngati kapu imene munthu wangomwera.

Anaika kompyuta pashelefu, pamalo opanda fumbi paja. Asanalowetse waya anakhala pampando nkulemba nambala yothera ndi 9, ndi chala chimodzi. Anadina. Onse atatu anadikira. Mzere unabwera, mochedwa, koma unabwera.

“Odi, adadi,” anatero Lameki. “Ndine. Ntchito ndaiona, abale akumvana, nkhokwe ili bwino. Njira ziwiri, zosakumana. Ndagwira. Pitani mukapume, amayi akhala akudikira.”

Analowetsa waya. Kagetsi kanazima, nkuyakanso. Injiniya anadina.

Kanambala kanali 1.

Apo ndi pamene Lameki analira maliro a bambo ake, miyezi iwiri atayikidwa. Analira ngati mwana, chipumi chili pakabati yachitsulo, Mayi Nambewe atamugwira phewa, injiniya wa ku Lilongwe akuyang'ana kudenga nkumapukuta magalasi amene anali oyera kale.

Potuluka anagogoda katatu pakabati. Munangomveka kung'ung'udza kwa makina. Anazimitsa babu, nkukoka chitseko, ndipo phazi lake linagunda kanthu pambali pa khomo, paja pankakhala makoko. Sanali makoko. Linali nachesi lathunthu, limodzi, losasenda.

A Binwelo anatenga bedi, njinga, wailesi ndi sutikesi, ndipo zonsezo zinathera pamsika wa Lizulu. Nachesi lija Lameki anapita nalo kunyumba m'thumba la malaya, nkulisenda yekha, nkugawira ana ake. Linali lozuna, ngakhale nyengo yake inali isanakwane. Nthangala zake anadzala kuseri kwa nyumba, pamene lole siingafike.